Nyumba zakale za m'tauni: pansi malonda, pamwamba nkhunda

A Tembo: Akuluakulu, pali nkhani yofunika kuti aliyense aikepo mlomo. Mukamadutsa mu Freedom Way kapena mu Chachacha Road muno mu Lusaka, siyani kaye kuyang'ana katundu wa m'mashopu, kwezani maso. Pansi pali piringupiringu, anthu akulimbirana kamalo ka mita imodzi. Pamwamba mawindo ndi osweka, ena atsekedwa ndi makatoni, nkhunda zikungolowa ndi kutuluka, kwinaku kamtengo ka mkuyu kamera mu gatala, ngalande ya madzi a padenga. Zambiri mwa nyumbazi ndi za m'ma 1940 ndi 1950, za nsanjika imodzi kapena ziwiri pamwamba pa shopu. Kodi pamwambapo pangakonzedwe kuti pazikhala anthu kapena pakhale timaofesi, nyumba osaigwetsa? Ndipo wofuna kutero ayambire pati?

A Sakala: Ayambire kwa mwini bulldozer. Malo amene nyumbazo zakhalapo ndi odula kuposa nyumbazo. Maofesi anathawira ku Longacres, Rhodes Park ndi Kabulonga, ndipo chitsegulireni Manda Hill mu 1999 munthu wa galimoto sabweranso m'tauni kudzagula nsapato. Poimika galimoto palibe, usiku kuli mdima. Ndani angalipire lendi kuti azigona pamwamba pa shopu ya mafoni?

Amai Zulu: A Sakala, amene amakwera basi 5 koloko m'mawa kuchokera ku Chawama kapena ku Mandevu kudzagwira ntchito m'shopu yomweyo ya mafoni. Koma za lendi tibwerako. Tiyambe ndi lamulo, chifukwa ambiri amaganiza kuti nyumba ikangokalamba ndiye kuti boma likuiteteza. Si choncho. Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza palokha zinthu zimene zinalipo lisanafike tsiku la 1 January 1924. Chilichonse chobwera pambuyo pake chimatetezedwa pokhapokha nduna itachilengeza mu gazeti kuti ndi chikumbutso cha dziko. Tsono taganizani: Lusaka inayamba ngati kasiteshoni ka sitima mu 1905, inapatsidwa bodi yoyendetsa mudzi mu 1913, likulu linachoka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935. Ndiye kuti pafupifupi tauni yonse imene tikuidziwa inamangidwa pambuyo pa tsiku limene lamulo limatchula. Nyumba 394 ya ku Chilenje imene a Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962 ndi yotetezedwa, nyumba yakale ya malamulo mu Independence Avenue ndi yotetezedwa. Koma shopu wamba ya 1952 yokhala ndi khonde lake ndi mawindo ake achitsulo ilibe woiimira. Imapulumuka ngati mwini wake akuona kuti ikumubweretsera ndalama, basi.

Chisomo: Amai, ndiye ngati nyumba yalengezedwa kale, mwini wake saloledwa kuikhudza?

Amai Zulu: Amaloledwa, mwanawe, koma ayenera kukhala ndi chilolezo cholembedwa cha komishoni asanasinthe, kuchotsa kapena kugumula chilichonse. Ofesi yawo ili m'nyumba ya Old Lusaka Boys School mu Dedan Kimathi Road, imenenso ndi chitsanzo cha zomwe tikukamba: inali sukulu, lero ndi maofesi. Kupita kumeneko kukafunsa ngati nyumba ili pa mndandanda ndi chinthu chochita usanalipire wojambula pulani ngakhale ngwee imodzi.

A Phiri: Ine ndinene za khoma, poti ndi kumene nyumbazi zikufera. Sizikufa ndi ukalamba ayi, zikufa ndi madzi. Kumbukirani kuti pamene Adshead, katswiri wa mapulani a mizinda wochokera ku Britain, ankajambula pulani ya likulu mu 1931, nyumba za boma anaziika kumtunda ku Ridgeway, kum'mawa kwa njanji. Tauni ya malonda inatsala kumadzulo, pa chigwa cha mwala wa laimu pamene madzi a pansi ali pafupi ndipo mvula ikagwa alibe kothawira. Ndiye chinyezi chimabwera mbali ziwiri, pansi ndi pamwamba.

Za pansi: omanga akale ankaika kansalu ka phula pakati pa njerwa, kamene timati DPC, pafupifupi masentimita 15 pamwamba pa nthaka. Zaka zonsezi msewu wathiridwa phula pa phula, pakhonde aikapo konkire, wina wabwera waikapo mapeva, wina matailosi. Lero DPC ija ili pansi pa nthaka, ndipo madzi amangoidumpha. Timabowo ta mpweya tam'munsi mwa khoma tinatsekedwa kalekale. Mukalowa m'shopu muona utoto ukufufuma mpaka m'chiuno, mchere woyera ngati ufa uli pakhoma, mukagogoda pulasitala ikulira ngati ng'oma.

Chimene eni ake amachita ndiye chimene chimapha nyumba: amapaka pulasitala ya simenti yolimba, ndowa imodzi ya simenti pa zitatu za mchenga, n'kuphimba ndi utoto wa mafuta kapena matailosi. Madzi aja akasowa potulukira amakwera. Chaka chino ali m'chiuno, zaka zitatu ali m'mapewa, ndipo njerwa kuseri kwa simentiyo yasanduka phala.

A Tembo: Nanga mankhwala ake, a Phiri?

A Phiri: Choyamba chotsani gwero. Tsitsani konkire yakunja kuti DPC ioneke, kapena ngati ndi pamsewu pomwe simungakumbe, dulani kangalande ka masentimita 15 mpaka 20 m'mphepete mwa khoma, muthiremo miyala, kakhale ndi kotulukira. Tsegulani timabowo ta mpweya. Kenako gumulani pulasitala yowola mpaka masentimita 30 pamwamba pa pomwe chinyezi chalekezera, khoma mulisiye lamaliseche. Apa ndi pamene eni nyumba amakwiya, chifukwa khoma limauma pang'onopang'ono: werengerani mwezi umodzi pa masentimita awiri ndi theka a kuchindikala kwake. Khoma la mainchesi 9 likufuna miyezi ngati 9. Ndiye gumulani mu April mvula ikangosiya, lidye dzuwa ndi mphepo ya chilimwe chonse.

Popakanso gwiritsani laimu. Ndipo pano tcherani khutu: si laimu wa kumunda uja wothira m'chimanga. Ameneyo ndi mwala wongopera, sagwira, mungapake lero mawa mukasesa. Mukufuna laimu womangira, wa m'matumba olembedwa hydrated lime. Muthireni mu dilamu ya madzi, osati madzi pa laimu, mutakase mpaka akhale ngati phala la mwana, mumusiye ndi madzi pang'ono pamwamba. Tsiku limodzi ndiye kuchepetsetsa, sabata kapena kuposa ndiye bwino. Muyezo ndi ndowa imodzi ya phalalo pa ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wokhakhala, wosefa, wopanda dothi. Nyowetsani khoma dzulo lake ndi m'mawa mwake. Pakani mosapitirira sentimita imodzi nthawi imodzi, mukandekande, mudikire sabata, kenako mupake ina. Phimbani ndi masaka onyowa masiku atatu kapena anayi. Mukapaka masana a October popanda masaka, imauma isanagwire ndipo imang'aluka ngati pansi pa dambo. Pomaliza ndi njereza ya laimu yamadzimadzi, kanayi kapena kasanu, osati kamodzi kochindikala. Magalasi m'maso ndi magolovesi, laimu amaotcha.

A Mwale: A Phiri anena zoona, koma ndiwachepetseko liwiro. Si nyumba zonse za m'tauni zimene zinamangidwa ndi laimu yekha. Zoyambirira inde, ndipo laimuyo ankaotchedwa konkuno. Marrapodi uja amene dzina lake linatsala pa komboni anali Mtaliyana wootcha laimu. Koma fakitale ya simenti ya ku Chilanga inayamba mu 1949, ndiye nyumba za m'ma 1950 zambiri zili ndi matope osakaniza, ndipo zina ndi mafelemu a konkire amene njerwa zinangodzaza mipata. Yesani kaye. Tengani msomali mukande pakati pa njerwa: ngati ukulowa ndipo matope akuyoyoka oyera okhala ndi timibulu, ndi laimu. Ngati msomali ukungoterereka, muli simenti. Pa khoma lotere 1:1:6, simenti, laimu, mchenga, imakwana bwino. Chachikulu n'chakuti matope atsopano asalimbe kuposa njerwa.

A Phiri: Pamenepo sindikutsutsa. Ena amayesa ndi viniga kuti aone ngati achita thovu, koma kuno zimanamiza, chifukwa mchenga wa miyala yogaya wa ku Lusaka nawonso ndi mwala wa laimu, umachita thovu ngakhale muli simenti.

A Sakala: Miyezi 9 khoma lili lamaliseche, wa shopu akugulitsira kuti? Amene uja amalipira lendi mwezi ndi mwezi, ndiye akudyetsa nyumba yonse. Mukamutulutsa, ntchito yanu yaima sabata yachiwiri.

A Phiri: Satuluka. Mashelefu amasunthidwa masentimita 30 kuchoka kukhoma, kuseri mpweya uzidutsa. Khoma limodzi chaka chino, lina chaka chamawa. Makasitomala a salaula sabwera kudzaona pulasitala.

A Mwale: Poti mwatchula salaula, tiyeni tikwere pamwamba. A Tembo anati kuli nkhunda zokha, koma theka la nsanjika zimenezi ndi mosungira katundu, ndipo ndi zimene zimandiopsa kuposa zopanda kanthu. Silabu ya nyumba yogona imawerengeredwa makilogalamu pafupifupi 150 pa sikweya mita, ya ofesi 250. Belo la salaula ndi makilogalamu 45 kapena kuposa. Ikani awiri pansi, musanjike kasanu, ndi mabelo 10, makilogalamu 450 pa kamalo kamodzi. Matailosi, mabatire a sola ndi makatoni a sopo ndiye osanena. Choncho kusandutsa pamwambapo kukhala zipinda zogona, kunena zoona, ndi kuipepuza nyumba.

Pamene anthu amalakwitsa ndi pogawa zipinda. Amakweza mabuloko a mainchesi 6 n'kumanga pakati pa silabu pomwe pansi pake palibe bimu, mtanda wonyamula silabuyo. Khoma lotere la mamita atatu, ndi pulasitala mbali zonse, limaposa makilogalamu 600 pa mita iliyonse ya utali wake. Silabu imayamba kugwada, mng'alu umaoneka kudenga la shopu. Gawani ndi mabolodi a gypsum pa mafelemu achitsulo, awiri mbali iliyonse ndi ubweya wa galasi pakati kuti phokoso lisadutse. Kulemera kwake sikufika ngakhale kotala.

Cholakwa china chimachitika pansi: wa shopu akufuna windo lalikulu loonetsera katundu, ndiye amagumula chipilala cha njerwa pakati pa zitseko ziwiri n'kuikapo kachitsulo kamene wapeza. Mukaona mng'alu woyenda ngati masitepe kuchokera pakona ya windo lapamwamba, yang'anani pansi pake, mupeza pamene panachotsedwa kanthu. Musafulumire kuumata. Pakani kachidutswa ka pulasitala ya gypsum modutsa mng'aluwo, mulembepo deti, muziyang'ana mwezi ndi mwezi mpaka dzinja lidutse. Kakasweka, nyumba ikuyendabe. Mng'alu woposa mamilimita 5, kapena wolowa chala cha kanise, ndi wa injiniya wolembetsedwa ku EIZ, bungwe la mainjiniya a mu Zambia, osati wa mmisiri.

Chisomo: Nanga tidenga takonkire tapakhonde tija, pomwe amayi ogulitsa amabisala mvula? Tina zitsulo zili pamtunda.

A Mwale: Wafunsa chinthu chenicheni. Kadenga kotere kagwira mbali imodzi yokha, ngati dzanja lotambasula, ndipo zitsulo zimene zakanyamula zili kumtunda kwa konkire, pomwe kalumikizana ndi khoma. Ndi pomweponso madzi amaima kabowo kotulukira kakatsekeka ndi mapepala. Dzimbiri limadya pamalo amene munthu woyenda pansi sangaone. Pamwamba pake aikapo chikwangwani chachitsulo, makina atatu a air con, nthawi zina ndi jenereta. Kotere sikachenjeza, kamangothyoka.

Kuyesa kwake: kwerani, sesani, gogodani ndi hamala yaing'ono paliponse. Pabwino pamalira kuti ngwee, powola pamalira kuti phuu. Bowolani pang'ono, muwaze mankhwala a phenolphthalein pa konkire yongoswedwa kumene. Pamene pasanduka pofiirira ngati bulugamu wa maluwa, konkire ikadali ndi mphamvu yoteteza chitsulo. Pamene sipasintha mtundu, mpweya unalowa kale, ndipo ngati pafika pa chitsulo dzimbiri layamba. Pokonza, chirikizani kaye ndi mapolo kuchokera pansi, semani mpaka masentimita awiri kuseri kwa chitsulo kuti chala chizungulire, palani dzimbiri mpaka chiwale, chimene chadyeka kwambiri muchiwonjezere china, kenako matope okonzera konkire, osati simenti wamba. Kungomata pamwamba pa dzimbiri ndi kubisa chilonda ndi nsalu. Chitsulo chadzimbiri chimafufuma n'kukankha chigambacho chisanathe chaka chachiwiri.

Amai Banda: Bulugamu wa maluwa ndiye uti, a Mwale? Nenani kuti mtundu wa juwisi wa bitiruti, tonse timva.

A Mwale: Ndalandira, amai. Bitiruti.

Amai Banda: Ine nkhawa yanga ndi moto ndi zimbudzi, chifukwa mukangogoneka anthu pamwamba pa shopu nkhani yasintha. Tonse tikukumbuka City Market mu July 2017, ndipo Society House itapsa mu 1997 inaima yakuda zaka zambiri pakati pa Cairo Road. Shopu yodzaza nsalu, mapulasitiki ndi mafuta odzola ikayaka usiku, utsi umakwera ndi masitepe. Nyumba zambiri zakalezi zili ndi masitepe amodzi, ndipo ena amayambira m'kati mwa shopu. Zimenezo khonsolo siyenera kuvomereza, ndipo ngakhale itavomereza inu musavomere. Okhala pamwamba akhale ndi khomo lawolawo lotulukira kumsewu, lotchingidwa ndi khoma la njerwa kuchoka ku shopu, ndi masitepe achiwiri achitsulo kumbuyo otsikira m'kanjira. Zitseko za pamasitepe zikhale zopirira moto mphindi 30, zodzitseka zokha, zotsegukira kunja. Bowo lililonse limene mwabowola pa silabu kuti phaipi idutse litsekedwe ndi matope, osati ndi nyuzipepala. Ndipo mabagala: chipinda chilichonse chikhale ndi windo limodzi lomwe chitsulo chake chimatseguka ndi m'kati popanda kufunafuna kiyi.

Mawaya akale a labala ndi nsalu aja achoke onse, musalumikizepo. Mukawagwira labala imayoyoka ngati chikonde cha nsima chouma. Chipinda chilichonse mita yakeyake ya ZESCO, apo ayi mudzaweruza milandu ya mayunitsi mpaka kukalamba.

Za madzi: zimbudzi ndi mabafa onse aunjikeni mbali imodzi, kumbuyo, kuti phaipi yaikulu ya mamilimita 110 itsike kunja kwa khoma lakumbuyo, nkhope ya nyumba isaonongeke. Yopingasa itsetsereke sentimita imodzi pa masentimita 40 alionse. Musanalumikize, tsegulani manhole muone ngati phaipi yakale yopita ku sewero ikuyenda. Zambiri zinaphwanyika kapena zinadzaza mafuta a m'malesitilanti. Nyumba imene inali ndi chimbudzi chimodzi cha wogulitsa simungaipatse zimbudzi 8 osafunsa a Lusaka Water. Ndipo za kukumba chitsime kuseri iwalani: mwala wa pansi pa tauni uli ndi mapanga, madzi a m'zimbudzi amayenda momwemo. Kolera ya 2017 ndi 2018 inatiphunzitsa.

A Mwale: Ndiwonjezere pa thanki. Malita 5,000 ndi matani asanu. Anthu amaikweza padenga ngati akukweza mtanga. Iikidwe pa nsanja yake yachitsulo kuseri, kapena pamwamba penipeni pa chipilala injiniya atawerengera.

A Sakala: Manje tawerengani zimene mwatchula: injiniya, masitepe achiwiri, mawaya, mapaipi, zitseko za moto, laimu wa a Phiri wogona mu dilamu. Kodi sizifika pa mtengo wa nyumba yatsopano? Ndipo Society House yomwe mwaitchula inakonzedwa ndi ndalama zambirimbiri, munalowa hotela ya Hilton, koma mu 2024 inatsekedwanso chifukwa cha nkhawa ya kulimba kwake. Ndiye kukonza zakale si mankhwala a zonse.

Amai Zulu: Palibe wanena kuti ndi mankhwala a zonse. Koma nsanja ngati ija, kapena Findeco House ya nsanjika 23, ndi nyama ina; imafuna malifiti, mapampu ndi ndalama za mabungwe a penshoni. Ife tikukamba za nyumba imene munthu amakwera ndi miyendo. Pa yotere maziko, makoma, silabu ndi denga zilipo kale, ndipo pa nyumba yatsopano zimenezi ndi zimene zimadya chigawo chachikulu. Chinanso, mukagwetsa, lendi ya pansi yaima zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pulani yatsopano idzafunsidwa malo oimika magalimoto amene pulotiyo ilibe. Mukakonza, shopu ikugulitsabe, ntchito mukuchita chigawochigawo.

Chimene chimaimitsa ntchito zotere kawirikawiri si simenti, ndi mapepala. Taitolo ili m'dzina la agogo amene anamwalira kale, ana ndi adzukulu ali ku Lusaka, ku London ndi ku Johannesburg, aliyense amalandira kagawo ka lendi ndipo palibe amene afuna kuika ndalama padenga. Banki siibwereketsa pa taitolo yotere. Ndiye musanagule ndowa, pitani ku unduna wa za malo mukafufuze: ndi ya ndani, pa zaka 99 za lisi patsala zingati, pali ngongole ya ground rent kapena chikole. Ku Civic Centre, kumaofesi a khonsolo, mukaone ngongole ya maleti, mufunsenso ngati mapulani akale a nyumbayo alipo m'faelo. Kenako pempho losintha ntchito ya nyumba pansi pa lamulo la Urban and Regional Planning la 2015, ndi mapulani osainidwa ndi wojambula wolembetsedwa. Kontilakita akhale wolembetsedwa ku NCC, bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga.

A Tembo: Kabwata Cultural Village ija si chitsanzo chakenso? Tinyumba tozungulira taudzu tija tinamangidwa nthawi ya atsamunda kuti muzigona antchito. Tambiri tinagwetsedwa pomanga mafulati, totsalato mu 1974 tinapatsidwa kwa osema ndi oluka, mpaka lero tilipo.

Amai Zulu: Ndi chitsanzo chabwino chifukwa tinapulumuka ndi ntchito, osati ndi chikwangwani. Udzu umafoleredwa poti pansi pake pali munthu amene katundu wake anganyowe. Ndipo a Tembo mwatikumbutsa kuti mbiri ya tauni si ya azungu ndi amwenye okha. Chachacha Road yatenga dzina ku chipolowe cha Cha Cha Cha cha 1961, ndipo mu Freedom Way muli Freedom House yakale imene inali ofesi ya UNIP. Wodutsa sangaizindikire pakati pa zikwangwani.

Chisomo: Vuto lina ndaliona pa mapulani a nyumba zotere: ndi zazitali kulowa m'kati, mawindo ali kutsogolo ndi kumbuyo kokha. Zipinda zapakati zikhala mumdima.

Amai Zulu: Ndi pamene eni ake adyera amapangira timapanga ta mbewa. Muyezo umene timatsata ndi wakuti windo likhale gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa chipinda, ndipo theka lake lizitseguka. Njira zilipo ziwiri. Pakatipo ikani zosafuna dzuwa: kolido, masitepe, mosungira. Kapena, ngati ndi nsanjika yomaliza, tsegulani denga pakati mamita awiri kwa atatu pakhale kabwalo, kokhala ndi ngalande yake, zipinda zapakati ziyang'ane mmenemo. Mutaya chipinda chimodzi, koma zinayi zoyandikana nacho zikhala zoti munthu n'kulipira. Malo akachepa kwambiri, maofesi a osoka, okonza mafoni, a saluni kapena kakoleji ka makompyuta amalowa mosavuta kuposa mabanja, ndipo safuna mabafa.

Mawindo achitsulo akale aja musawataye kuti muike aluminiyamu. Ndiwo nkhope ya nyumba. Chotsani magalasi, palani dzimbiri, pomwe pawola m'munsi wowotcherera adule aikepo chidutswa, pakani utoto woletsa dzimbiri wa red oxide, magalasi abwerere ndi pati watsopano wa mawindo achitsulo. Utoto wakale musaupale wouma kapena kuuotcha, nthawi zambiri uli ndi mtovu, nyowetsani. Pansi pakakhala timatabwa ta mukusi, ngakhale tazuka, tisonkhanitseni m'masaka. Timamatidwanso, kupalidwa, n'kuwala ngati tatsopano, ndipo mtengo umenewo lero simuupeza wotchipa.

A Phiri: Koma zonsezi zibwere denga litatha. Ndinati madzi amabwera mbali ziwiri, ndafotokoza imodzi. Nyumba za m'tauni zambiri zili ndi kakhoma kutsogolo kobisa malata, ndipo kuseri kwake kuli gatala yabokosi. Ikadzaza ndowe za nkhunda ndi mapulasitiki, madzi sasefukira kumsewu, amasefukira m'kati, pamutu pa khoma, pomwe mitengo ya denga yakhazikika. Mutu wa mtengo ukanyowa umawola, chiswe chimabwera. Tengani sikuludiraiva mubaye mutu uliwonse. Ikalowa sentimita popanda kukakamiza, dulani pofewapo mulumikize chidutswa chatsopano chothira mankhwala ndi mabauti, mbali zonse ziwiri. Si kuti denga lonse lichoke. Gatala yatsopano ikhale yotakata masentimita 30 kapena kuposa kuti munthu aziyendamo posesa, ndipo muibowolere potulukira pachiwiri kupyola kakhomako, kuti phaipi ikatsekeka madzi agwere kumsewu anthu awaone.

Amai Banda: Ndipo denga likakhala la asibesitosi, lija lotuwa lamafunde, pasapezeke wobwera ndi grinder. Fumbi lake ndi limene limapha, patapita zaka zambiri. Ngati ndi lathunthu, silikudontha, lisiyeni. Ngati lichoka, linyowetseni, masulani mabauti, tsitsani pepala lathunthu ndi zingwe, likulungeni mu pulasitiki wochindikala, lipite ndi onyamula zinyalala zoopsa amene ali ndi laisensi ya ZEMA, bungwe loyang'anira za chilengedwe. Osapatsa alonda kuti akafolere nkhuku. Woyenda pamwamba aponde pa thabwa, asibesitosi wakale amaboka ngati bisiketi.

A Sakala: Chabwino, pa nyumba ya banja limodzi logwirizana, ya nsanjika imodzi pamwamba, yokhala ndi kanjira kumbuyo, ndingavomere kuti masamu angatuluke. Koma ndiyambe ndi maofesi ndi mashopu ang'onoang'ono, osati ogona. Ogona adzabwera magetsi a mumsewu akamayaka ndipo zinyalala za m'tinjira takumbuyo zikamachotsedwa. Palibe mayi adzakwere masitepe othawira moto amene atsikira pa dzala.

Amai Zulu: Tinjirato tili choncho chifukwa palibe amene amatiyang'ana pawindo usiku. Koma pa kuyamba ndi maofesi sindikukanani, bola mapaipi muwaikiretu.

Chisomo: A Phiri, kamkuyu kamene a Tembo anatchula poyamba paja, ndingokazula?

A Phiri: Usayese, mwana wanga. Mizu yake yalowa pakati pa njerwa mwina mita yathunthu, ukakoka ubwera ndi kakhoma konse pamitu ya anthu. Kadule ndi sowo pafupi ndi khoma, ubowole chitsacho, uthiremo mankhwala ophera zitsa tsiku lomwelo chisanaume. Kakaphukanso, dulanso, thiranso. Patapita miyezi itatu kapena inayi mizu ikauma, masula njerwa za pamenepo imodziimodzi, uzilembe manambala ndi choko, uchotse mizu, uzibwezere ndi matope a laimu. Pansi utchinge ndi tepi, ndipo uwauze amayi a tomato dzulo lake kuti asunthe mabeseni.